Bodza la Mama NyaHarawa

Mama NyaHarawa tawaika m'manda Lachinayi lapitali, ndipo aliyense amene anaimirira kulankhula pamaliropo anati anali mayi wofatsa. Ine ndinangoluma mlomo. Ndagwira nawo ntchito zaka khumi pa kabungwe kathu koyang'anira amayi ndi ana osowa pogona kuno ku Rumphi, ndipo kufatsa kumeneko sindinakuonepo ngakhale tsiku limodzi. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wosachedwa kupsa mtima, woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira zonse zimene walakwa chibadwire. Abusa anawonjezanso kuti malemuwo sankadziwa kunama. Apo ndiye ndinazolika, chifukwa ndikudziwa bodza limodzi limene ankanena chaka ndi chaka, atavala yunifolomu ya amayi a mpingo, osaphethira n'komwe. Bodza limenelo ndi limene linasunga mwana wina wamkazi m'manja mwa mayi ake.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Tsiku limene ndinayamba ntchito anandiuza zinthu ziwiri: kuti Naphiri ndi dzina la kumwera, kuno ndidzakhala NyaPhiri, komanso kuti ngati nsapato zanga ndi zimene ndinavalazo ndikagule zina. Za nsapatozo sindinachedwe kumvetsa. Ntchito yawo inkayamba kum'mawa kukungofiira. Ankati wofuna kuona anthu osowa pogona asadikire kuti ofesi itsegulidwe, chifukwa ikamakwana seveni eni masitolo amakhala atawaza kale madzi m'makonde, ogonamo atabalalika. Ndiye tinkayenda wapansi, kudepoti, kuseri kwa msika, kumpanda wa chipatala. Ambiri amene tinkawapeza anali akazi a matenanti a fodya a ku Mwazisi ndi ku Katowo, amene amuna awo anasowa fodya atangogulitsidwa. Ena anali amasiye othamangitsidwa m'midzi ya amuna awo. Pafupifupi aliyense anali ndi mwana kumsana, wina kumanja.

M'chikwama chawo chakuda munkakhala sopo wodula tizidutswa ndi kowengera zikhadabo. Mafomu ankakhala pansi penipeni. Akapeza mayi pakhonde sankamuimira pamutu. Ankayala chitenje, n'kukhala pansi movutikira chifukwa cha mawondo, n'kutenga dzanja la mwana n'kuyamba kumuwenga zikhadabo, chala chimodzichimodzi, osafunsa kanthu. Ankati mayi wogona panja wafunsidwa kale mafunso okwanira ndi alonda ndi zidakwa, koma akaona munthu wagwira mwana wake ngati mwana, amayamba yekha kulankhula. Ndipo zinkaterodi. Pofika pa chala chachisanu tinkakhala titamva mudzi wake, dzina la mwamuna, ndi tsiku limene anadya komaliza.

Mwezi wanga wachiwiri tinapeza mayi kuseri kwa msika akugwedeza khanda limene linali litazizira kale. Ndinalira mokweza pomwepo. Mama NyaHarawa anandikokera pambali n'kunditsina pamkono ngati mwana wasukulu.

"Iwe NyaPhiri, misozi yako pita nayo kunyumba," anatero. "Mayi uyu ali na katundu wokwana chomene. Ukufuna akunyamule na iweso?"

Ndinawada sabata yathunthu. Panapita miyezi kuti ndizindikire chifukwa chake masiku oterewa ankachedwa kwambiri kuchimbudzi cha kuseri kwa ofesi, n'kutulukako atasamba kumaso, akudandaula za fumbi la m'tauni ngakhale pakati pa dzinja.

Kukangana ankakangana ndi aliyense. Anakangana ndi akulu a mpingo wawo chifukwa cha chipinda chosungiramo mabenchi othyoka, chimene ankafuna kuti amayi azigonamo nthawi ya mvula. Atawakaniza, anaimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti mabenchiwo anabatizidwa liti kuti azigona m'nyumba ya Mulungu ana akunyowa panja. Malemu amuna awo anali mkulu wa mpingo womwewo, ndiye palibe anawayankha, koma chipinda sanachipereke. Anakangananso ndi ana awo enieni, onse ophunzira bwino ku Khondowe, a ntchito zawo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anawo ankati mayi awo asandutsa nyumba ya banja depoti. Makamaka ankawawidwa ndi kanyumba kakuseri, ka chipinda chimodzi, kamene ankafuna kuikamo munthu wa lendi. M'kanyumba kameneko ndi mmene munkakhala mayi wina wa ku Dedza, Nambewe, ndi mwana wake Temwa.

Chaka chilichonse anthu akakolola, pakhomopo pankafika bambo wina wa ku Mwazisi, a Mfune, ndi anzawo awiri, onse m'majekete. A Mfune anali mkulu wake wa malemu mwamuna wa Nambewe. Ana aamuna awiri a Nambewe, Wongani ndi Vitu, ankakhala kale kwa iwo, ndipo panali pepala lonena kuti Temwa naye adzapita akadzaleka kuyamwa. Ankabwera kudzatenga mwana wa m'bale wawo.

Ankatumiza uthenga asanabwere, monga anthu aulemu, ndipo Mama NyaHarawa ankandiitana kuti ndikhalepo. Ankavala yunifolomu yawo yosita bwino, duku loyera mbee. Ankapha nkhuku. Ankawathirira alendowo madzi osamba m'manja okha, atagwada ndi mawondo awo opwetekawo. Ankacheza nawo za mvula ndi za njovu za ku Vwaza zimene zatha chimanga cha anthu. Mbale zikachotsedwa, a Mfune ankatsokomola pang'ono n'kuyamba nkhani imene abwerera. Mama ankawamvetsera mpaka amalize, kenako ankayankha m'Chitumbuka, mawu ali phee:

"Phepani adada, mwana wachali kuwonkha."

Kunena kuti mwana akadayamwa. Chaka choyamba zinali zomveka, Temwa anali ndi zaka ziwiri. Koma ananenanso chimodzimodzi ali ndi zaka zisanu. Chaka chatha mwanayo anachita kulowa pabalaza akuchokera kusukulu, makope ali m'manja, n'kugwada kupereka moni kwa alendo, mano akutsogolo atamera kale achikulire. Atangotuluka, Mama ananena mawu omwewo, maso ali pa a Mfune.

A Mfune ankadziwa kuti ndi bodza. Mama ankadziwa kuti akudziwa. Koma mwamuna woleredwa bwino kuno sangauze mayi waimvi, mkazi wamasiye wa mkulu wa mpingo, m'nyumba mwake, atangodya nkhuku yake, kuti mukunama. Ndiponso za bere ndi nkhani ya amayi, mwamuna satsutsapo. A Mfune ankangoti, "Yewo mama, tizengeso," ndiko kuti tibweranso, n'kutenga zipewa zawo. Nthawi yonseyi Nambewe ankakhala atadzitsekera m'kanyumba kakuseri, katundu atamanga kale m'chitenje, zenera loyang'ana kumunda lili lotsegula.

Tsiku lina alendo atapita, Mama akuvula duku anandiuza, osandiyang'ana, kuti Chiuta sadzawafunsa za bodza ili, adzawafunsa za choonadi chimene ananena poyamba paja.

Poyamba paja ndinalipo. Ndinali ndi miyezi isanu ndi umodzi pantchito, mu Januwale, mvula ikugwa osaleka. Nambewe tinamupeza pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, ataphimba ana atatu ndi pulasitiki imodzi. Wongani anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Vitu zinayi, Temwa anali khanda la miyezi itatu. Mwamuna wake, wa ku Mwazisi, anakumana naye ku Dedza akuyenda ndi malole, ndipo abale ake anapita kukalowola monga mwambo wawo. Malume a Nambewe analandira malowolowo mokondwa, akuyesa ndi chiwongo chabe, kamphatso kopemphera kuti mkazi akakhale kwa mwamuna, monga timachitira kwathu pa chitengwa. Kwathu, mkazi angakhale kutali chotani, ana amakhalabe a iye ndi mbumba yake. Kuno ng'ombe zikatuluka m'khola, ana onse amene adzabadwe ndi a kuchimuna. Mbali ziwirizo zinagwirana chanza, aliyense akuganiza kuti mnzake wamva. Mwamunayo atamwalira, Nambewe anakana chokolo, ndipo anauzidwa kuti njira ya ku Dedza ndi yotsegula koma ana asiye. Anathawa nawo, mphamvu n'kumuthera pa boma pano.

Mama anaimba foni ku Dedza. Malumewo anati mayi a Nambewe anamwalira kale, munda anagawana, m'mudzi muli njala. Abwere ngati akufuna, koma adzadya chiyani. Tsiku lachitatu a Mfune anatulukira ku ofesi kwathu. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anabwera ndi majuzi a anyamatawo m'jumbo, ndipo ataona mapazi otupa a Vitu anagwetsa misozi. Anati nkhokwe ndi yodzaza, sukulu ili pafupi, ana a mng'ono wawo sangagone pakhonde iwo ali moyo. Wongani anali kutsokomola pabenchi, chifuwa chikulira.

Lamulo Mama ankalidziwa bwino kuposa tonsefe, ndipo silinena kuti ng'ombe zimagula mwana. Koma anayang'ana mapazi a Vitu, anayang'ana mvula panja, ndipo anaganiza ngati munthu amene naye analowoledwa, mayi akenso analowoledwa. Kwa iwo, mwana akakhala pamudzi wa bambo ake ali kwawo. Anatembenukira kwa Nambewe.

"Mwana wane, ana sakutayika yayi. Akupita kwawo. Akadye, akaphunzire, iwe uzikawaona. Wakhandayu ukhale naye mpaka aleke bere."

Nambewe anali atagwada pafupi ndi chitseko, mutu uli pansi. Sananene kanthu. Mama anaona ngati wavomera. Ine ndinkadziwa kuti sanavomere. Ndinaleredwa mmene analeredwera iye: mkazi satsutsa munthu wamkulu pamaso pa amuna, amangokhala chete. Ndinkadziwanso kuti kwa iye kwawo kwa ana ake kunali pamene pali iyeyo, ngakhale pakhonde. Koma ndinali watsopano, ndipo Mama ndinkawaopa. Ndinalemba pepala lija, ndinagwira chala cha Nambewe n'kuchiviika mu inki. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Anyamatawo atakwezedwa pa matola, Nambewe sanalire. Anangolondola galimotoyo wapansi mpaka pamene inakhotera, n'kuima pamvula. Madzulo ake Mama anati nkhani imeneyi yatha bwino.

Patapita masiku awiri tinamukweza minibasi ya ku Mzuzu kuti akapitirire ku Dedza. Anatsikira pa mlatho wa Njakwa n'kubwerera wapansi. M'mawa mwake tinamupeza pakhonde lomwe lija. Mama anayala chitenje monga mwa nthawi zonse, anatulutsa kowengera kaja, n'kutambasula dzanja kuti agwire kadzanja ka Temwa. Nambewe anamukokera mwanayo pachifuwa.

"Mwatenga awiri, mayi," anatero. "Uyu musamugwire."

Mama NyaHarawa anakhala pansipo dzanja lili m'malere. Kenako anaimirira, anasenza katundu wa Nambewe pamutu pawo, n'kudutsa naye pakati pa msika anthu akuona, mpaka kunyumba kwawo.

Kuyambira pamenepo anayamba kuyesa kubweza zimene anachita. Ankakwera matola kupita ku Mwazisi mwezi ndi mwezi, n'kubwerako atayera fumbi, atakhala tsiku lonse pabwalo la a Mfune kupempha. Nkhaniyo anapita nayo kulikonse kumene nkhani zotere zimapita, koma inayenda pang'onopang'ono, ana akukula. Tsiku limene anyamatawo anafunsidwa pamaso pa anthu kuti akufuna kukhala kuti, patatha zaka ziwiri, Wongani anayankha m'Chitumbuka, maso ali pansi, kuti amayi ake anadinda okha chala kuwapereka, iye akhala kwa adada, kunena a Mfune. Mama anabwerako chimanjamanja. Anthu ankawauza kuti asiye, madzi akatayika saoleka. Iwo ankati mwambi umenewo anaupeka anthu amene anataya madzi awo, osati a mnzawo.

Pamudzi paja Nambewe sankamulola kufika, ati adzaba ana. Ndiye ankachapa zovala za anthu m'makomo, ndipo pakutha pa mwezi ankakwera matola n'kukaima kunja kwa mpanda wa sukulu nthawi yopumira, ndi kajumbo ka mtedza wokazinga. Miyezi ina anyamatawo ankabwera kumpanda. Miyezi ina ankangomuyang'ana patali n'kupitiriza mpira. Mama anamuchonderera kambirimbiri kuti atenge Temwa apite ku Dedza, kumene a Mfune sakanamulondola. Iye ankakana. Ankati sangapite kumene sangathe kuona anyamata ake n'kubwerako tsiku lomwelo. Choncho anakhala zaka zisanu ndi zinayi pakati, ana awiri kuseri kwa mpanda, mmodzi kuseri kwa mayi wokalamba.

Chichokereni tsiku lija pakhonde, Mama sanalolenso kusainira pepala lililonse lolekanitsa mayi ndi mwana. Ngakhale pamene ena tonse tinkaona kuti n'koyenera, ankakana mpaka kumenya tebulo, ndipo kangapo ndikukhulupirira kuti analakwitsanso, mbali inayo. Ntchito imeneyi ndi yotero. Umasankha pakati pa zoipa ziwiri mvula ikugwa, munthu akukuyang'ana, ndipo chimene wasankha umagona nacho wekha. Mama ankati amayi amene anawathandiza bwino sakuwakumbukira nkhope, koma amene anawalakwira amawadziwa ndi mayina a ana awo omwe.

Mwezi wathawu anagwa kubafa, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Kuchipatala pakamwa panali patapotoka, mawu akutuluka movutikira. Tsiku lachinayi anandikodola ndi dzanja labwinolo, ndipo ndinaganiza kuti andiuza kuti a Mfune akadzabwera ndidzanene ine mawu aja. Ndinali nditakonzeka kuvomera. Koma anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupukusa mutu okha.

"Iwe ndiwe mlendo, NyaPhiri. Mawu ako kuno ngopepuka. Itana Nambewe."

Nambewe anabwera n'kugwada pambali pa bedi. Mama anamugwira pamkono.

"Mwana wane, ine ndikagona, usadikire maliro athe yayi. Tenga Temwa, kwera."

"Nanga anyamata anga, mama?"

Mama anatembenuzira nkhope kukhoma. Anakhala choncho mpaka ife tinatuluka, ndipo patapita masiku awiri anatisiya.

Pamaliro a Mfune anabwera ndi thumba la chimanga, ndipo anakhala ndi azibambo, chipewa chili pabondo. Analira zenizeni. Nditapita kukawapatsa moni, Temwa anadutsa atasenza ndowa ya madzi ophikira, ndipo a Mfune anamulondola ndi maso mpaka anakhota kuseri kwa nyumba. Anandifunsa mwaulemu kuti mwanayo ali sitandade chani tsopano. Nditawauza, anagwedeza mutu n'kunena kuti kusukulu ya kwawo malo alipo, achimwene ake amamufunsa, koma iwo si munthu wosokoneza maliro a mayi wolemekezeka. Adikira mpaka anthu abalalike Loweruka. Nambewe anali chapafupi akutsuka mbale. Sanatembenuke, koma ndinaona kuti mbale imodzi anaitsuka nthawi yaitali.

Lachisanu m'mawa ndinapita kukanyumba kakuseri. Chitseko chinali chongotsekera, loko ali pansi pamodzi ndi kiyi wake. Mayi wogulitsa mandasi kudepoti anandiuza pambuyo pake kuti anawaona awiriwo akukwera minibasi yoyamba ya ku Mzuzu, mwanayo atavala yunifolomu ya sukulu mkati mwa juzi. Foni Nambewe alibe. Ku Mwazisi sanatsanzike, ndipo sindikudziwa amene akawauze anyamata aja, kapena adzawauza kuti chiyani mwezi ukatha kumpanda kukakhala kopanda munthu.

M'chipindamo mulibe kanthu. Mphasa anatenga, poto anatenga, bulangete anatenga. Pansi anasesa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka. Pamsomali patsala chingwe choyanikira zovala, ndipo pawindo pali kabotolo ka mafuta odzola kopanda kanthu. Mwana wamkulu wa malemu wandiuza kuti Loweruka kubwera munthu wopaka laimu, chifukwa pali mphunzitsi wina akufuna kulowamo pakutha pa mwezi. Sindinamutsutse, nyumba ndi yawo.

Nditatseka chitseko kuti ndione ngati kuseri kwake kwatsala kanthu, ndinapeza khoma lolembedwa ndi makala. Zaka zonsezi ndalowa m'chipinda chimenechi kosawerengeka, koma chitseko chinkakhala chotsegula, chitaphimba malowo. Pali mizere itatu yokwera m'mwamba, timizere topingasa tosonyeza msinkhu wa mwana. Mzere umodzi ndi wowongoka bwino, wa mwana amene ankaimiritsidwa pakhomapo n'kumuika khala pamutu. Iwiri inayo ndi yokhotakhota, yofufutafufuta, ya ana amene ankawayeza ndi maso ali kunja kwa mpanda, n'kudzalemba atafika kunyumba. Mayina palibe, chifukwa Nambewe sadziwa kulemba. Kamzere komaliza ka wamkuluyo kapitirira mutu wanga. Kuti akafikire anachita kukwera pa njerwa, ndipo njerwayo ikadali pomwepo.